Kuveka sokosi pansi pa msewu wa ku Manchester

Kumudzi akandifunsa kuti ku Mangalande ndikugwira ntchito yanji, ndimangoti ya mapaipi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndikati ndifotokoze bwinobwino, anthu amayamba kundiyang'ana ngati ndikuthira nsinjiro. Ife timapanga paipi yatsopano mkati mwa paipi yakale, pansi pa msewu, osakumba ngakhale fosholo imodzi. Fakitale yake timayenda nayo pa matayala: lole ya firiji, lole ya boila, vani ya kamera, jenereta ndi mapampu. M'makalata ntchitoyi amailemba kuti CIPP, koma pagulu pathu palibe amene amatchula zimenezo. Timangoti tikukaveka sokosi.

Lolemba anatituma ku kamsewu kena kumpoto kwa Manchester, kwa nyumba za njerwa zofiira zogundizana khoma ndi khoma zija. Paipi ya suweji ya pamenepo ndi ya dothi lowotcha, mamilimita 300 m'mimba mwake, mamita 84 kuchoka pa manhole ina, dzenje la chivundikiro lolowera mu suweji, kukafika pa inzake. Tinayamba ndi kutsuka ndi jeta, madzi amphamvu oti atakupeza pamwendo amang'amba jombo ndi mnofu womwe. Kunatuluka mizu, mchenga, ndi mafuta ophikira ataundana ndi timapepala tonyowa topukutira ana. Ndi zomwezi zinaunjikana ku Whitechapel, ku London, mu 2017 mpaka kulemera matani 130. Zathuzi zinali mdzukulu wake chabe, zinadzaza ndowa zisanu ndi imodzi.

Kenako kamera, yomwe ndi kagalimoto ka matayala kokoka chingwe kumbuyo. Ine ndimakhala m'vani, maso pa sikirini, kulemba paipi iliyonse yochokera m'nyumba yomwe yalowa mu paipi yaikuluyo: ili pa mamita angati, ndipo yalowera mbali iti. Mbaliyo timaitchula ngati nkhope ya wotchi, ina pa 10 koloko, ina pa 2 koloko. Sokosi ikalowa imatseka makomo onsewa, ndiye pepala langa ndi lokhalo lodzatiuza poboola. Ndinawerenga 19, ndinasaina, n'kupita kukadya.

Lachiwiri kunacha ndi mvula. Masuweji akale a kuno amanyamula zonse pamodzi, za kuchimbudzi ndi madzi a padenga ndi pamsewu. Tikamagwira ntchito timatseka kumtunda n'kumapopa madziwo kudutsa pamwamba kukawathira kutsogolo, ndiye mvula ikalimba mapampu amagonja. Kapitawo anayang'ana kumwamba, nayang'ana foni, n'kunena kuti lero ayi. Tinatha tsiku tikuponya makalata m'zitseko, kupempha anthu kuti mawa asachape ndiponso athire madzi m'masinki ndi m'ngalande zomwe sazigwiritsa ntchito, kuti fungo la styrene, mankhwala onunkha a mu utomoni womwe timanyowetsera sokosi, lisakwere m'nyumba.

Tikubisala mvula m'vani, madala a pagulu pathu anayamba nkhani zawo. Iwowa anabadwira ku Bulawayo, makolo awo a ku Ntcheu omwe anapita ku Rhodesia kukagwira ntchito ya njanji, ndipo Chinyanja chawo chimatuluka ndi Chindebele m'mphepete. Ndi amene anandiuza kuti chakumapeto kwa ma 1970 misewu ya Manchester inkatitimira chifukwa cha masuweji kugumuka, mpaka mainjiniya ankayeza dzenje powerenga kuti mungalowe mabasi osanjikiza angati. Nthawi imeneyo njira yathuyi inali ikadali khanda. Eric Wood anaveka sokosi yoyamba mu 1971 ku Hackney, ku London, ndipo kampani ya Insituform inachokera pamenepo. Madalawo amatchula dzina la Wood ngati ankamwa naye tiyi.

Lachitatu tinafika 5 koloko, kukadali mdima. Sokosiyo ndi nsalu yokhuthala ngati bulangete, yosokedwa ngati thumba lalitali, kunja kwake kuli kachikopa ka pulasitiki. Utomoni wake ndi wa polyester, wonanda ngati uchi, ndipo timauthira utoto wabuluu kuti tiziona pomwe wafika. Ukakhala wokha m'diramu suvuta munthu. Koma mukangothiramo mankhwala oumitsa, basi, wayamba ulendo wake: ukazizira umauma pang'onopang'ono, ukatenthedwa umathamanga, koma kuima suimanso. Ntchito yonse ya tsikulo imakhala ya kupikisana ndi diramu imeneyo. Timakoka mpweya m'nsalumo ndi pampu, n'kuthira utomoni, n'kuidutsitsa pakati pa zitsulo ziwiri zozungulira zomwe zimaufinya kuti ukwane paliponse mofanana, mamilimita 6. Ine ndimayenda m'mbali mwake ndi tochi kusaka malo oyera. Pamene payera ndiye kuti nsalu yatsala youma, ndipo pamenepo paipi idzadontha. Ikamatuluka timaipinda m'lole ya firiji, ayezi pakati pa mpindo uliwonse, ngati a geni ya chambo akuchoka ku Mangochi.

Titamaliza cha m'ma 8 koloko tinapeza zoti tonse tili kotanganidwa ndi utomoni, wina wasuntha makoni athu otchingira msewu n'kuimika galimoto pamwamba penipeni pa manhole yakumunsi. Tinagogoda khomo ndi khomo. Mphindi 50 zathunthu, madzi a ayezi akungodontha pansi pa lole, ine mtima uli m'mwamba. Mwiniwake anatulukira cha kukona ali ndi kapu ya khofi m'manja, anangoti pepani kamodzi, n'kuliza galimoto.

Kuveka kwake n'kumene sindinakuzolowere mpaka lero, ngakhale ndakuona kambirimbiri. Timamanga kansanja ka zitsulo pamwamba pa manhole, kumangirirapo mlomo wa sokosi titaupinda kunja, n'kuyamba kuthira madzi. Kulemera kwa madziwo n'komwe kumaikankha, iyo n'kumadzitembenuza yokha ikulowa, monga mmene imachitira sokosi ya kuphazi mukamaivula. Mbali ya utomoni imakakamira kukhoma la paipi yakale, ya pulasitiki n'kutsala mkati modzadutsa madzi. Kumchira kwake timamangako chingwe choigwira kuti isathamange, ndi paipi yansalu yodzalowetsa madzi otentha. Pamwamba simuona kanthu, mumangomva chingwe chikutsetsereka m'manja. Patapita mphindi 40 madala anayankhula pa wailesi ali kumunsi: "Yafika, mwana wa kwathu. Yatsa moto wako."

Boila ndi gawo langa. Madzi amayenera kufika cha m'ma digiri 80 n'kumazungulira, ndipo pa manhole zonse ziwiri timalowetsa timawaya toyeza kutentha pakati pa sokosi ndi paipi yakale. Utomoni ukayamba kuuma kwenikweni umatulutsa kutentha kwakekwake, nambala n'kudumpha pa sikirini. Kudumphako n'kumene timadikira. Kumtunda inadumpha 1 koloko. Kumunsi kunali zii. Madzi a mvula ya dzulo lake anali atakhuta m'nthaka, akulowa pa ming'alu ya paipi yakale n'kumaziziritsa sokosi kuchokera kunja.

Chilolezo chotsekera msewu chinkatha 6 koloko madzulo, ndipo kupyola apo kuli chindapusa. Kapitawo anabwera katatu. Ulendo wachitatu anati tizimitse, nthawi yolembedwa papepala yakwana kale. Ndinakana. Ndinaonapo sokosi yosapsa ndili wongoyamba kumene ntchito: imatukuka pansi ngati thuza, zonyansa n'kumakodwa pamenepo, ndipo mankhwala ake ndi kukumba msewu womwewo umene munabwera kudzaupulumutsa. Kapitawoyo sindimuda ayi. Iye ku ofesi amakamufunsa za ndalama, ine amandifunsa za nambala za kutentha, ndipo tsiku limenelo ziwirizi zinkakokerana kosiyana. Anachoka akung'ung'udza, foni kukhutu. Nthawi itakwana 2:40 nambala ya kumunsi inadumpha. Sindinanene kanthu, ndinangotembenuzira sikirini kwa iye.

Ngakhale pamenepo simuthamanga. Mumasunga kutenthako kwa kanthawi, kenako kuziziritsa pang'onopang'ono ndi madzi ozizira mpaka atsike pansi pa madigiri 40, chifukwa paipi yotentha mukaitaya madzi mwadzidzidzi imakhwinyata. Madziwo sititaya m'ngalande ya pamsewu, amanunkha styrene ndipo akafika kumtsinje amapha nsomba, choncho anawakoka ndi thanki. Madala anatsika m'manhole atamangidwa chingwe, kachipangizo koyeza mpweya woipa kali pachifuwa, n'kudula nsonga zonse ziwiri ndi sowo. Atagogoda ndi hamala inalira ngati mbiya yopsa bwino. Mamita 84, paipi imodzi, yopanda polumikiza. Kenako tinalowetsa kaloboti koboola, ine ndikuwerenga pepala langa, mnzathu wa ku Poland akuyendetsa. Makomo 19 onse anatseguka. Tinachoka 9 koloko usiku, chindapusa chili pamutu pathu.

Lachinayi 7 koloko foni inalira. Agogo ena a nyumba ya pakona, madzi a m'sinki akubwerera pabwalo lawo la kuseri. Ndili m'vani ndinabweza vidiyo ya Lolemba, ndipo pa mamita 61, pa 12 koloko penipeni, panali kachigamba ka mafuta ndi mizu komwe jeta inakasiya. Ndinalemba kuti ndi dothi. Kuseri kwake kunali khomo la 20. Palibe wina womuloza chala, siginecha ya papepalalo ndi yanga.

Mwayi wake, pomwe pali khomo sokosi imalowa pang'ono, kusiya kadzenje ngati ka patsaya. Tinakapeza ndi kamera titazimitsa nyali ya kutsogolo n'kuunikira cham'mbali. Kaloboti katangoboola, madzi a usana ndi usiku wonse anakhuthukira pa kamera, sikirini n'kuda bii. Bwalo la agogowo ndinalitsuka ndekha ndi mankhwala, palibe amene anandituma. Iwo anatulutsa tiyi ndi mabisiketi, nafunsa mwaulemu ngati dzulo tinabwera kudzakonza kapena kudzawononga. Kapitawo anangoima poteropo. Za Lachitatu sanazitchulenso, za Lachinayi sanazitchulenso, ndipo ndinaona kuti tabwezerana.

Lachisanu ndi tsiku la mapepala. Kachidutswa ka paipi komwe tinadula kamapita ku labu kuti akakapinde mpaka kathyoke, aone ngati kakukwana pa zaka 50 zomwe amawerengera popanga mapulani. Nambala za boila, vidiyo yomaliza, lipoti la khomo la 20 lija, zonse n'kutumiza. Masana tinapala utomoni wouma pa zitsulo za lole. Fungo lake limalowa mpaka m'tsitsi, moti kunyumba amayi a ana anakhazikitsa lamulo loti ovololo izithera pakhonde.

Loweruka ndinaimbira bambo kumudzi. Iwo paunyamata wawo anakumbapo ngalande za mapaipi ku Blantyre, piki ndi fosholo, ndiye ndinati mwina awa andimvetsa. Ndinawafotokozera zonse, za ayezi, za kansanja, za kaloboti. Anamvetsera osandidula.

"Ndiye ukuti msewu wonsewo simunakumbe olo pang'ono?"

"Olo pang'ono, bambo."

Anakhala chete kanthawi, ndikumva nkhuku kumbuyo kwawo.

"Nanga okumba aja, kumeneko akudya chiyani?"

Ndisanapeze choyankha anali atalowa kale nkhani ya mtengo wa feteleza.