Ndinayeza sitiroko munthu woimba piyano

Popeza alamu anga ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi, ndipo aithira mchere wodzaza dzanja, lekani ndiinene ndekha. Munthuyo sindinamugoneke pansi, ndipo ambulansi sinabwere. Zinazo, chabwino, zinachitika.

Mwana wanga wamkazi, amene akuphunzira zoimbaimba ku yunivesite kuno ku Manchester, ndiye anandikoka kuti tikaonere mphunzitsi wake akuimba piyano. Ine ndinali nditangochoka ku ntchito yanga yosamalira okalamba, ndinangosamba n'kuvala suti ndi nsapato zatsopano. Pakhomo anatipatsa pepala la ndondomeko, koma magalasi anali atatsala m'thumba la yunifolomu. Mfundo imeneyi muisunge, inu oweruza.

Nyimbo zoyamba zinali zokhotakhota, komabe zinkamveka. Kenako bamboyo, wa imvi mutu wonse, anaika kawotchi patsogolo pake n'kutseka chivundikiro cha piyano. Basi. Manja pamaondo, maso pakawotchi, duu. Holo yonse zii, ngati pamaliro amfumu asanalankhule. Patapita kanthawi anatsegula chivundikiro chija, ine ndikuti eya, wakumbukira. Anatsekanso. Duu.

Inu amene mukusekanu, dziwani kuti kuntchito amatiphunzitsa chaka ndi chaka kuti munthu wachikulire akangouma mwadzidzidzi, usadikire. Yang'ana nkhope, yang'ana mikono, mvetsera kalankhulidwe, imba 999. Ndinacheuka uku ndi uku, anthu onse ali phee, ena atatsinzina n'kumagwedeza mitu. Mumtima ndinati, taonani anthu awa, mnzawo akupita iwo ali kalikiliki kusunga ulemu.

Ndinadzuka. Mwana anandigwira jekete. "Adadi, khalani pansi, chonde," akutero ndi mano okha. Ndinamuchotsa dzanja mwachifundo, poti ana a masiku ano sadziwa zinthu.

Nsapato zija ndiye zinayamba ulaliki. Kwii, kwii, kwii, pamatabwa, kuchokera mzere wakumbuyo mpaka kunsanja. Ndinayesa kuyenda monyang'ama, zinangoonjeza kulira motalikitsa. Ndikukhulupirira kuti ndi ku Liverpool komwe anazimva.

Nditafika ndinamugwira paphewa n'kumufunsa dzina. Sanayankhe. Kulankhula kwapita. Ndinamuuza kuti amwetulire. Analuma milomo, mbali imodzi n'kukhota. Nkhope nayo yapita. Ndinati akweze mikono yonse iwiri. Anakweza umodzi wokha, n'kumaukupiza pang'onopang'ono cha kumene ndinachokera. Abale inu, zizindikiro zonse zinakwana ndendende! Maphunziro onse aja sindinaonepo chitsanzo choyera chonchi. Ndinatembenukira kwa anthu, ndi mawu aja ndimaimbira besi kukwaya, n'kufunsa ngati muli dokotala m'holomo.

Palibe anayankha. Mayi wina wa mzere woyamba anatsinzina kwambiri, nkhope ikuonetsa kuti wamva kukoma. Apo ndinadziwa kuti ndili ndekha. Ndinamugwira bamboyo pamkono kuti ndiwerenge kugunda kwa mtima, ndipo poti wotchi ndinalibe, ndinabwereka kake kaja. Iye anayamba kutalikitsa khosi kuti aone manambala m'dzanja langa. Ine ndikuti akukomoka, ndinamuchirikiza ndi bondo. Ndi dzanja lotsalalo anatsegula chivundikiro n'kutsekanso, ine ndikumusisita msana ndi kumuuza kuti asadere nkhawa, piyano siithawa. Tinakhala choncho awiriwiri, tikuyang'ana kawotchi kamodzi, thukuta lili kamukamu, kwa nthawi imene kwa ine inali ngati chaka.

Mwadzidzidzi anatsegula piyano, n'kudzuka ali bwinobwino, n'kuwerama. Holo inasweka ndi kuomba m'manja. Anandigwira dzanja kuti nanenso ndiwerame. Ndinawerama. Inuyo mukanatani?

M'basi ndi mmene mwana anandimasulira, maso ali pawindo. Nyimboyo dzina lake ndi 4'33", anaipeka John Cage wa ku America mu 1952. Ili ndi zigawo zitatu, zonse pamodzi mphindi 4 ndi masekondi 33, ndipo woimba sakhudza chilichonse. Woyamba kuiimba, ngati kumeneku n'kuimba, anali David Tudor, pa 29 Ogasiti chaka chomwecho ku Woodstock, m'chigawo cha New York, ndipo ndi iye anachita zotseka ndi kutsegula chivundikiro posonyeza poyambira ndi pothera chigawo. Cage anali atalowapo m'chipinda chosamveka phokoso ku Harvard, koma m'menemo anamvabe phokoso la m'thupi mwake momwe, n'kugamula kuti chete weniweni kulibe. Ndiye nyimbo yake ndi chilichonse chimene chamveka m'holo nthawi imeneyo. Tsiku loyamba lija kunamveka mphepo, madontho a mvula padenga, kenako anthu akung'ung'udza ndi kutuluka.

Ndinati taima kaye. Ndiye kuti nsapato zanga ndi besi yanga ndiyo inali nyimbo? Anati Adadi musayambe. Koma si ndi zimene mwininyimbo ananena? Usiku umenewo woimba weniweni ndinali ine, mphunzitsiyo ankangosunga nthawi, ndipo ndalama yolowera ndinalipiranso ndine.

Komanso si ine ndekha ndimaganiza chonchi. Mu 2004 gulu la oimba la BBC litaimba nyimbo yomweyi ku Barbican mu London, a wailesi anachita kuzimitsa makina awo aja amene amaika nyimbo okha pakakhala chete wautali, kuopa kuti angalowerere. Makina a ndalama zankhaninkhani amenewo nzeru zake ndi zanga zomwezi: pakati zii, china chake chalakwika. Iwo anawazimitsa nthawi ilipo, ine palibe anandizimitsa.

Ndipo poyerekeza ndi anzake a Cage, ine ndinachita zaulemu zedi. Mu 1960 ku Cologne, Nam June Paik wa ku Korea anasiya piyano pakati pa chionetsero, n'kupita pamene Cage anakhala, n'kumudula taye ndi sizasi. Ameneyo lero zinthu zake zili m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo zaluso. Ine amene ndinangomuyeza munthu kwaulere, alamu akunditcha dokotala wa piyano.

Izi za Paik ndinazimva kwa mphunzitsi yemweyo pa tiyi atatha kuimba, akuseka mpaka misozi. Mnyamata wina wa ndevu anandifunsa kuti ndinayeserera kangati. Ndinamuyankha kuti chaka chilichonse, bwana amalipira.

Chimodzi chokha, mtima wa bamboyo unkathamanga ndithu, ndinawerenga ndekha. Ndamuuza mwana kuti akawauze aphunzitsi akewo akayezetse BP. Wakana, akuti panopa akumalowera khomo lakumbuyo.