Miseche ya pa ovaova ku Lanzarote

Kagalimoto kake ukakaona koyamba umayamba wafunsa ngati theka linalo latsalira ku fakitale. Amakatchula Renault Twizy: matayala anayi, kadenga, chiwongolero pakati penipeni, zitseko zotsegukira m'mwamba, magalasi a mazenera kulibe. M'litali sikafika mamita awiri ndi theka. Mipando ilipo iwiri, koma wokwera amakhala kumbuyo kwa dalaivala, miyendo atatambasulira uku ndi uku. Kamayendera batire, ndipo ngakhale uponde bwanji kamalekezera pa makilomita 80 pa ola. Tigalimoto totere n'timene tinapatsidwa pa Lanzarote, chimodzi mwa zilumba za Canary. Chilumbachi n'cha dziko la Spain, ngakhale chili makilomita pafupifupi 125 okha kuchokera ku gombe la Africa.

Ife tinalipo anayi: ine, mayi akunyumba, achimwene awo omwe ndi alamu anga, ndi akazi awo a alamuwo. Pagulupo panalinso agogo awiri a ku Germany, banja lina longokwatirana kumene, ndi mtsikana wotitsogolera, mwana wa pachilumba pomwepo, woyankhula Chisipanishi, Chingerezi ndi Chijeremani mosapunthwa. Malamulo ake anali ochepa. Kuyenda kumanja kwa msewu. Kutsatana mzere umodzi, iye patsogolo, osapitirira mnzako. Osathamanga, chifukwa ulendo wonse anauyeza molingana ndi batire. Kenako anagawa ovaova, kagalimoto kalikonse imodzi, nafotokoza kuti pofuna kuyankhula uzidina batani la m'mbali, ukamaliza uzilisiya, chifukwa wina akadina, enawo mawu awo sadutsa, ndiponso wodinayo samva kanthu. Tonse tinagwedeza mitu.

Azimayi ndiwo anagamula kuti akwera okha. "Amunanu mukalongolole nokha," anatero mayi akunyumba, n'kutenga chikwama chomwe munali mafoni athu onse. Ine ndinagwira chiwongolero, alamu kumbuyo. Alamu anga ndi munthu wodalitsika pathupi. Analowa chammbali, napuma, nalowetsa mwendo wachiwiri ndi manja awo, mpaka anadzazamo thothotho ngati thonje lophatikidwa m'thumba. Maondo awo anali m'khwapa mwanga. Nditapotoza kiyi sindinamve kulira kulikonse, moti ndinapotozanso, kufikira mtsikana uja anabwera kudzandionetsa kuti kayaka kale, kangodikira kuti ndidine batani la D.

Chigawo choyamba chinayenda bwino kwambiri. Tinanyamuka ku Puerto del Carmen kulowera kumtunda, mphepo ikulowa uku n'kutulukira uko, ovaova ikulongosola. Mtsikanayo ankaidziwa ntchito. Anatiuza kuti pa 1 September 1730 nthaka inang'ambika kufupi ndi mudzi wa Timanfaya, moto n'kumalavuka mpaka 1736, chiphalaphala n'kukwirira midzi ndi minda pa gawo limodzi mwa magawo anayi a chilumbacho. Wansembe wa ku Yaiza ndiye analemba zomwe anaona. Anatiuzanso za César Manrique, mmisiri wa zojambula amene anamenyera nkhondo kuti nyumba za pachilumba zikhale zazifupi, zopaka laimu woyera, ndi kuti m'misewu musakhale zikwangwani zamalonda. Atafika pakuti mkuluyo anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1992, maondo a alamu anandifinya nthiti.

Tinaima ku La Geria. Malo amenewa ndikanatha kukhalapo tsiku lonse. Dziko lonse ndi lakuda bii ndi phulusa la mapiri, koma alimi anakumba maenje aakulu mpaka kufika pa dothi lakale, m'dzenje lililonse mtengo umodzi wa mpesa, m'mphepete mwake kampanda ka miyala kozungulira theka kotchinga mphepo. Mvula imagwa yochepa kwambiri, koma phulusalo limamwa mame a usiku n'kusunga chinyezi, ndiye mpesa umabereka. Oyendetsa analetsedwa kulawa vinyo. Alamu, popeza sanali woyendetsa, analawira tonse awiri.

Pobwerera m'kagalimoto manja onse awiri ankafunika, choncho alamu analowetsa ovaova m'thumba lakumbuyo la buluku, nadziphatikanso pamalo pawo. Tsoka silinunkha.

Titangonyamuka ndinaona kuti mtsikana uja wakhala chete. Kilomita yoyamba zii, yachiwiri zii.

"Watopa ameneyu," anatero alamu. "Ana a masiku ano ntchito ya pakamwa yomwe imawalemera."

Poti panalibe womvera, tinayamba zathu. Kagalimoto kamagetsi kali ndi vuto limodzi: sikalira, ndiye munthu umamasuka pakamwa. Patsogolo pathu penipeni panali kagalimoto ka azimayi, mitu iwiri ikuoneka bwinobwino.

"Koma alamu," ndinayamba ine, "mchemwali wanuyu anali chonchi kuyambira kale?"

"Chonchi bwanji?"

"Ulamuliro."

"Aaa, alamu, inu mwazipeza zitazizira. Ameneyu ali ndi mano a mkaka ankatiuza ife akuluakulu pokhala. Tsiku limene munabwera kudzamufunsira, ife tinagona tulo tabwino koyamba."

Ndinaseka mpaka kagalimoto kanapita uku ndi uku. Mtima utamasuka, ndinawaululira za shati. Mayi akunyumba anandigulira shati ya ulendo womwewu, ya maluwa aakuluakulu achikasu ndi obiriwira, yoti ngakhale uli patsidya pa nyanja akuona. Ndinawauza kuti yasowa kochapira zovala ku hotela. Zoona zake n'zakuti inali pansi pa matiresi, chakumiyendo.

"Inu ndiye mwachita zachibwana," anatero alamu. "Pansi pa matiresi okonza m'chipinda amapeza. Chipewa cha akazi anga chija, chachikulu chija chimandibaya m'maso pojambulitsa, chili pamwamba pa wadirobu, kukhoma kwenikweni. Safikapo."

Atatero anayamba kundionetsa mmene akazi awo amalizira mkonono. Alamu ali ndi mphatso. Anayamba ndi kapansipansi, n'kukwera, n'kudukiza pang'ono moti umaganiza kuti munthu wasiya kupuma, kenako n'kuphulika, kumapeto kakhweru. Ine ndinabwezera wa mchemwali wawo, womwe ndi wofatsa koma wosalekeza. Tinapikisana mpaka ku Uga.

Zizindikiro zinalipo. Mtsikana wotsogolera anatulutsa dzanja, ovaova ili m'mwamba, akuigwedeza. Ine ndinamubayibitsa. Agogo a ku Germany kumbuyo kwathu ankaphethiritsa magetsi, ndipo alamu anati akuyamikira kayendetsedwe kanga. Okhawo amene sanachite kalikonse anali azimayi. Mitu iwiri ija inali njo, osacheuka, osagwedezeka, ndipo ine ndinati m'mtima: taonani, malo okongola amakhazika chete ngakhale osakhazikika. Tinadutsa pa raundabauti ya ku Uga pomwe pali ziboliboli za ngamila, alamu n'kuyambitsa nyimbo, ine n'kuthira besi.

Chakufupi ndi Yaiza, pa raundabauti ina, basi yaikulu ya alendo inalowa pakati pa ife ndi azimayi. Itapatuka ndinaona kagalimoto koyera kakutulukira msewu wakumanja, ndipo ndinakatsatira. Agogo anatsatira ine, ongokwatirana anatsatira agogo. Pano mundimvetse. Tigalimototi timafanana tonse. Midzinso imafanana: nyumba zoyera, zitseko zobiriwira, ndipo chikwangwani cha sitolo choti ungakumbukire palibe, chifukwa cha Manrique yemwe uja. Msewu unayamba kukwera pakati pa chiphalaphala chouma, chakuda, chosongoka, popanda mtengo ngakhale umodzi. Timizere ta batire tinayamba kuchoka kamodzikamodzi, pakuti chitunda ndi alamu ndi zinthu ziwiri zimene batire silikondwera nazo.

"Alamu," ndinatero patapita nthawi, "mchemwali wanu ali ndi ndevu?"

Amene ankayendetsa kagalimoto ka patsogoloko anali bambo wa ndevu zofiirira.

Tinakaima pamalo okwerera ngamila, m'munsi mwa mapiri a Timanfaya, omwe boma linawasandutsa paki mu 1974. Ngamila zinali ndandanda zitagwada, iliyonse itasenza mipando iwiri, uku ndi uku kwa linunda, zikutafuna mosalabadira munthu. Mtsogoleri wa gulu lachilendolo anawerenga tigalimoto take, napukusa mutu, nawerenganso ndi chala. Tinamuchulukira titatu.

Agogo aamuna a ku Germany anatuluka pang'onopang'ono, nabwera kwa ife osanena kanthu. Anakodola alamu kuti atuluke. Kutuluka kwa alamu kunatenga nthawi yake, ngamila ina mpaka inacheuka. Ataima, agogowo anazungulira kumbuyo kwawo, naloza thumba la buluku. Alamu anasolola ovaova. Kanyale kofiira kanali kakuyaka. Batani lija linali litakanirira mkati, ndipo atalitokosa ndi chikhadabo n'kubwerera, ovaova ya agogo, yomwe inali ikupuma mpweya wa alamu nthawi yonseyo, inati zii.

Alamu anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana ngamila.

"Chichewa sakumva awa," anatero alamu ndi mawu aang'ono.

"Awa sakumva," ndinavomera.

Palibe anapitiriza chiganizocho.

Mtsogoleri wa gulu lija anaimbira mnzake foni, ndipo anagwirizana kuti tikakumane ku El Golfo podzera njira yachidule, chifukwa batire silikanalolanso kuzungulira. Motero minda ya mchere ya ku Janubio ndi mapanga a Los Hervideros, momwe mafunde amawira m'miyala, tinangozimva kwa anzathu. Mkwatibwi uja anandiyang'ana ndi diso loti sindidzaliiwala. Agogo ndiwo anatsogola, ine anandiika kumapeto. Potsetsereka ukachotsa phazi, mota imabwezera timagetsi pang'ono m'batire, ndiye ndinatsika phiri lonse phazi lili m'mwamba, ndikupempherera kamzere kamodzi. M'kagalimoto munalibe nyimbo. Ovaova alamu anainyamula ndi manja awiri, patsogolo pa nkhope, akuyang'anitsitsa kanyale.

"Mwina mapiri anatchinga," anatero penapake. "Zinthuzi sizifika patali."

"Za shati tinanena tili mamita khumi kumbuyo kwawo, alamu."

Ku El Golfo tinawapeza ataima pamalo oonera Charco de los Clicos, dziwe lobiriwira lomwe lili m'chigwa cha phiri lophulika limene nyanja inaligumula mbali imodzi. Ndere za m'madzimo ndi zimene zimalipatsa mtundu, ndipo pakati pa dziwelo ndi nyanja pali mchenga wakuda. Azimayi anali atatsamira chingwe, akujambula.

"Mwafika, abambo?" anafunsa mayi akunyumba mokoma.

"Tafika."

"Taonani madziwo kubiriwira kwake. Mukanavala shati ija mukanatuluka bwino pachithunzi. Koma poti inasowa kochapira."

Ndinatsegula pakamwa, koma munalibe kanthu. Anatembenukira kwa alamu.

"Achimwene, ndamva kuti munagona tulo tabwino. Zikomo. Ndikawauza amayi kuti mwana wawo anali mtolo pakhomo."

Akazi a alamu anadikira kuti mnzawo amalize, kenako anagwira amuna awo pamkono mwachikondi. "Tachitaninso kamkonono kaja, bambo. Pakakhweru paja mphepo inasokoneza, anzathuwa sanamve bwino."

Chiyembekezo changa chomaliza chinali chakuti nkhaniyi ithera m'banja. Koma mtsikana wotsogolera, atazindikira pa raundabauti kuti wataya theka la gulu, anaima n'kufunsa azimayiwo kuti amuna awo akukambirana chiyani chofunika chotere mpaka kutseka wailesi ya anthu onse. Mayi akunyumba anamufotokozera m'Chingerezi, mutu ndi mutu, osasiya kanthu. Ife titafika, mtsikanayo anaona kuti agogo nawonso ayenera kudziwa chimene anavutikira, ndiye anawapatsa m'Chijeremani ife tili pomwepo. Agogo aakazi anaseka mpaka kukhala pansi pa mwala. Agogo aamuna, osamwetulira n'komwe, anafunsa kudzera mwa mtsikanayo ngati matiresi amasita bwino.

Pobwerera mipando inasintha. Aliyense anakwera ndi mkazi wake, akazi pachiwongolero. Ndinakhala kumbuyo, maondo m'khwapa mwa mayi akunyumba, ovaova ili pamiyendo pawo. Amayendetsa bwino kuposa ine, ndipo batire linawamvera. Nthawi ndi nthawi ovaova inkati tsee, kenako mawu a agogo aamuna akuyesera mkonono wa alamu. Pakakhweru pankawavuta.

Madzulo, nthawi ya chakudya, ndinatsika m'chipinda nditavala shati ija, makwinya a matiresi ali mizeremizere pamsana, chifukwa simbi ndinakanizidwa. Alamu ndinawapeza atakhala kale patebulo, chipewa chili kumutu, m'mphepete mwake mukukhudza khoma. Woperekera zakudya anatiyang'ana, nayang'ana azimayi, nafunsa mwaulemu ngati pali chikondwerero.

"Chilipo," anayankha mayi akunyumba. "Ndipo chikhala cha sabata yonse."