Mnyamata wanga wakhoza mayeso, ndipo ndili ndi anthu oti ndiwathokoze

Zotsatira za MSCE zitatuluka, dzina la mwana wanga wachisamba linalipo. Anandiimbira ndili pa benchi yanga ya tomato ndi anyezi mumsika wa Ndirande, ndipo amayi anzanga anayamba kululutira foni ndisanaichotse n'komwe kukhutu. Usiku umenewo tulo sitinabwere. M'maso mwanga munkangobwera chipsera chili pamimba pake, chotsika kuchokera pamwamba pa mchombo mpaka m'munsi. Ndiye ndati ndilembe, pakuti anthu amene anatinyamula ndi ambiri, ndipo ena ndinangokumana nawo kamodzi kokha.

Munali mu 2016, ali ndi zaka 11, ali Sitandade 5. Anayamba ndi kutentha thupi ndi mutu. Tonse pakhomo tinati ndi malungo, koma atamuyeza sanapezeke nawo. Ndinamugulira Panado ndi Bactrim pa okala, thupi n'kumazizirako m'mawa, madzulo n'kuyambiranso. Sabata yachiwiri anasiya kudya, ngakhale phala ankangolinyambita. Sabata yachitatu, usiku wina, mimba inangouma gwaa ngati thabwa, osafuna kuti munthu amukhudze. Tinathamangira naye ku Queens. Adokotala atamugwira pamimba anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, matumbo abooka. Ndi tayifodi. Tikulowa naye ku fiyeta usiku uno."

Kwa madokotala ndi anamwino amene munagwira ntchito usiku umenewo, zikomo. Ndinakhala pansi pakhonde nditafunda chitenje kumutu mpaka kunja kunayera, ndipo namwino wina anadzandigwira paphewa n'kundiuza kuti mwana watuluka, akupuma. Namwino yemweyo ndi amene anandifotokozera masiku otsatira, modekha, kuti kachilombo ka tayifodi kamalowa m'thupi kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi zoipa za kuchimbudzi, komanso kuti mtundu umene unafala mu Blantyre kuyambira cha mu 2011 sumvanso mankhwala akale aja monga Bactrim ndi chloramphenicol. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene mapiritsi anga a pa okala sanathandizire. Sanandikalipire. Anangoti, "Tsiku lina mwana akatentha thupi masiku atatu, bwerani naye."

Matenda amenewa sadya thupi lokha. Ndinakhala gadiyani pafupifupi miyezi iwiri, bala litavuta kupola. Benchi inatsekedwa, mpamba wonse unathera ku thiransipoti ndi tizakudya ta wodwala, bambo a kunyumba analowa m'katapila, ndipo mwana anabwereza kalasi. Amayi a banki m'khonde yathu, inu munandidikira osandichititsa manyazi, kenaka munandisonkhera ndalama yoti ndikapikule dengu loyamba la tomato. Achemwali anga munatenga ana aang'ono awiri aja n'kumawasamala pamodzi ndi anu m'nyumba ya chipinda chimodzi. Mulungu akubwezereni pamene munachotsa.

Koma pali gulu lina limene sindinalithokozepo poyera, ndipo ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe. Kumayambiriro kwa 2018 kunabwera anthu a kafukufuku ochokera ku Malawi-Liverpool-Wellcome, pamodzi ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lathu, kudzatiuza kuti akufuna kuyesa katemera watsopano wa tayifodi pa ana a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, a miyezi 9 mpaka zaka 12. Amene mumakhala kuno mukukumbukira mmene zinthu zinalili nthawi imeneyo. Panali patangopita miyezi yochepa chichitikireni mphekesera za anamapopa, zomwe zinayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 n'kufika mpaka mu Blantyre muno, anthu osalakwa n'kuphedwa. Munthu wobwera ndi nkhani ya jakisoni ndi magazi ankayenda moyo uli m'manja.

Anyamata ndi atsikana amenewo sanabwerere m'mbuyo. Ankayenda m'tinjira tathu ta matope, kukhala pansi ndi mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, makomiti a sukulu, kuyankha funso lomwelo kakhumi osakwiya. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti sanatinamize. Anatiuza poyera kuti theka la ana lilandira katemera wa tayifodi, theka lina lilandira katemera wa matenda oumitsa khosi, ndipo kholo ngakhale dokotala sadziwa kuti mwana uyu walandira uti mpaka kafukufuku adzathe. Ine poyamba zinandiwawa. Ndinafunsa kuti, nanga bwanji osangowabaya onse wa tayifodiyo? Mtsikana amene ankatifotokozera anati popanda gulu loyerekezera nalo, palibe angadziwe ngati katemerayo akugwiradi ntchito pa ana athu, m'madzi athu, m'nyengo yathu. Anawonjezera kuti kukana n'kololedwa, ndipo wokana salandidwa chithandizo chilichonse kuchipatala.

Ndinasaina. Ana anga aakazi, wina wa zaka 7 wina wa zaka 2, anabayidwa pamkono tsiku limodzi. Mkulu wawo anali atapyola kale msinkhu, koma anatiperekeza, n'kumunyamulira wamng'onoyo. Pobwerera, mayi wina woyandikana naye nyumba anandiuza pamaso kuti ndagulitsa magazi a ana anga. Sindinamuyankhe. Ndinangoitana mnyamata wanga n'kumuuza kuti akweze malaya. Mayiyo anayang'ana chipsera chija, nakhala chete. Sabata yotsatira ndinamuona pamzere ali ndi wake kumsana.

Ana oposa 28,000 analowa m'kafukufuku ameneyu. Tikamati kafukufuku, anthu amaganiza za azungu ndi makompyuta, koma ine ndinaona ntchito yake ndi maso. Wamng'ono uja atatentha thupi chaka chotsatira, ndinapita naye pa chipatala chathu chaching'ono, ndipo anamwino a kafukufuku anamutenga magazi pang'ono m'kabotolo kuti akaone ngati muli kachilombo ka tayifodi. Munalibe. Ntchito imeneyo, yotenga magazi a mwana aliyense wa m'kafukufuku wobwera ndi thupi lotentha, kuwayeza ku labu ndi kulemba, anaigwira zaka, ngakhale m'nthawi ya Covid-19. A ku labu, amene sitinkakuonani nkhope, zikomo. Madalaivala ndi olemba m'mabuku, zikomo.

Mu 2021 tinamva zotsatira: pa ana 100 alionse amene akanadwala tayifodi, katemerayu anateteza oposa 80. Aka kanali koyamba kuti umboni wotere upezeke mu Africa muno, pamene anzathu a ku Nepal ndi ku Bangladesh ankachitanso kafukufuku wofanana nawo. Atawatsatira ana omwewo zaka zoposa zinayi, anapeza kuti jakisoni mmodzi yemweyo akutetezabe pafupifupi 78 pa 100 alionse. Ndipo mu Meyi 2023, dziko likadali pa chisoni cha namondwe wa Freddy, boma linapereka katemerayu m'dziko lonse kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15, kenaka n'kumuika pa mndandanda wa akatemera a ku sikelo. Tsiku limene ndinamva pa wailesi kuti ana a ku Chitipa ndi ku Nsanje akubayidwa, ndinaganiza za mikono ing'onoing'ono ya ana a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa imene inatsogola. Makolo anzanga amene munasaina pamene ena ankatinena, zikomo zanga zazikulu zikupita kwa inu.

Ndinene chilungamo, nkhaniyi imandikhudza chifukwa tayifodi imasankha. Mwana wa kumayadi, kumene mpopi uli m'nyumba ndipo chimbudzi n'chogejemula, sakumana nayo kawirikawiri. Imabwera kwa ife amene timapanga mzere pa kiyosiki ndi zigubu, madzi akasiya n'kumakatunga pa chitsime cha m'mbali mwa Nasolo, mvula ikagwa zimbudzi n'kusefukira. Makala owiritsira madzi tsiku ndi tsiku si aliyense angawakwanitse. Katemerayu wabwera waulere, kwa mwana wa wogulitsa tomato chimodzimodzi ndi mwana wa bwana, ndipo banja lililonse limene lapulumuka kugona m'chipatala lasunga mpamba wake ndi chaka cha sukulu cha mwana wake. Komabe madzi athu akadali omwe aja. Inu a kafukufuku, mmene munalimbikira pa katemera, chonde musatope kupita ndi manambala anuwo kwa akuluakulu mpaka mipopi ndi zimbudzi zabwino zifike kuno.

Pomaliza ndithokoze mayi wina wa ku Chiradzulu amene tinagona naye pansi mu wodi imodzi mu 2016. Mwana wake anali pa bedi loyandikana ndi la wanga, matenda ake omwewo, koma iye sanatuluke. Akulongedza katundu kuti aperekeze maliro, anandisiyira beseni lake ndi sopo wotsala, nati, "Musambitsireni wanuyo." Beseni limenelo ndikadali nalo. Amayi, ngati mawu awa angakupezeni, mwana munandisiyira beseni uja wamaliza Fomu 4.

Loweruka masana tidzakhala ndi mapemphero othokoza pakhomo pathu. Amayi a banki m'khonde, achemwali, anansi ndi aliyense amene anagwirapo ntchito ya kafukufuku uja, bwerani. Thobwa ndayamba kale kukonza.