Digiri ya mwana wa mlongo wanga ndi munda wa agogo ake

M'nyengo ya dzinja yapitayi mbatata ya kachewere ya amayi anga ku Angónia, m'chigawo cha Tete kuno ku Mozambique, inagwidwa ndi chiwawu, masamba n'kuyamba kuda ngati awauka ndi moto. Mwana wa mlongo wanga anali atangomaliza kumene maphunziro a zaulimi pa yunivesite ina, choncho amayi anamuitanira kumunda kuti awauze chochita. Matendawo anawazindikira msanga ndipo anatchula dzina lake la Chilatini, Phytophthora infestans. Atafunsidwa chifukwa chimene chiwawu chimakondera masiku a nkhungu ndi mvula yamvumbi, anayamba m'Chichewa, n'kukakamira, n'kuthawira m'Chipwitikizi chimene agogo akewo sachimva. Madzulo anandiuza motsitsa mawu kuti, "Atsibweni, zonsezi ndikuzidziwa, koma sindinaziganizepo m'chilankhulo cha kwathu."

Mawu amenewa andikhala mumtima, chifukwa ine ndinakula pamene yunivesite inali chinthu cha ku Maputo, ndipo ambiri a msinkhu wanga sukulu inatidukira pa nthawi ya nkhondo, ena tikuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mtendere wa 1992. Lero zinthu zinasintha kwambiri. Sukulu ya Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005, imaphunzitsa za migodi pafupi ndi malasha a ku Moatize, ndipo ku Songo kuli ina yophunzitsa za magetsi ndi madzi pafupi ndi damu la Cahora Bassa. Yunivesite ya UniZambeze, imene likulu lake lili ku Beira, ili ndi nthambi ya zaumoyo mumzinda wa Tete ndiponso ya zaulimi ku Ulongwe, ku Angónia komweko. Ndimathokoza kuti mwana wa mlimi wa ku Tsangano kapena ku Macanga angathe kupeza digiri osatuluka m'chigawo chake.

Komabe ambiri mwa ophunzirawa, akapambana mpikisano wa ntchito za boma, amakakhala alangizi a zaulimi, anamwino, aphunzitsi ndi alembi a m'maofesi a m'maboma, kumene munthu wobwera kudzathandizidwa amalankhula Chichewa, Chinyungwe kapena Chisena. Malamulo aakulu a dziko lathu amati Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma, ndipo sindikutsutsana nazo, pakuti popanda icho munthu wa ku Zumbo ndi wa ku Nampula sakanamvana. Malamulo omwewo amanenanso kuti boma limalemekeza zilankhulo za m'dziko muno ndi kulimbikitsa kuti zigwiritsidwe ntchito. Mbali yachiwiriyi ndi imene sindiiona mokwanira pa zenera la ofesi ndi pa benchi la chipatala.

Ndinaperekezapo amayi ku chipatala china, kumene wachinyamata waulemu ndithu, wochokera kum'mwera kwa dziko, anawafotokozera kamwedwe ka mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Amayi ankangovomera ndi mutu, monga amachitira akuluakulu akakhala pamaso pa munthu wovala zoyera. Titatuluka ndinapeza kuti anamva zoti asiye mankhwalawo mutu ukangoleka kupweteka, pamene iye ananena kuti azimwa tsiku lililonse osadumphitsa. Ndikanapanda kukhalapo, cholakwacho sichikanadziwika kwa wina aliyense, ndipo m'kaundula zikanalembedwa kuti wodwala anathandizidwa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti chigawo chathu chili ndi poyambira. Pamene dziko linayesa koyamba kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, kuyambira mu 1993, Chinyanja cha kuno ku Tete chinasankhidwa pamodzi ndi Chichangana cha ku Gaza. Nzeru imeneyo inathera m'makalasi oyambirira, ngati kuti chilankhulo cha amayi n'chothandiza mwana wa zaka 7 yekha, osati dokotala kapena mlangizi amene adzatumikire makolo a mwanayo.

Sindikupempha kuti sayansi ya migodi iziphunzitsidwa m'Chichewa. Ndikupempha kuti wophunzira zaulimi kapena zaumoyo, asanalandire digiri, ayesedwe pa kufotokozera mlimi kapena wodwala weniweni m'chilankhulo cha dera limene akachiteko ntchito, ndipo amene amachokera kwina aphunzitsidwe chilankhulocho ngati phunziro lokhala ndi mayeso ake. Mawu ambiri alipo kale m'midzi ndi pa wailesi za m'madera, akungofunika kusonkhanitsidwa ndi kugwirizanitsidwa ndi a m'mabuku.

Mwana wa mlongo wanga anabwereranso kumunda m'mawa mwake atagona akuganiza. Anauza agogo ake kuti chiwawu chili ndi timbewu tosaoneka ndi maso timene timauluka ndi mphepo n'kumera pa tsamba lonyowa, kuti mankhwala opopera amateteza tsamba lisanagwidwe koma sachiritsa lowauka kale, ndiponso kuti mbatata ya m'munda umenewo asaisunge ngati mbewu. Amayi anamufunsa mafunso ambiri, ndipo iye analemba m'kope lake mayina atatu a matenda a mbatata amene anawamva koyamba kwa iwo.