M'bogi ya amayi, ulendo wa ku Virar

Aliyense wopita ku Mumbai amauzidwa kuti akaone Gateway of India, madzulo akapitidwe mphepo ku Marine Drive m'mbali mwa nyanja. Zonsezo n'zabwino. Koma mayi mnzanga akandifunsa komwe angaonere mmene akazi a ku India akukhalira, ndimamutuma pasiteshoni ya Churchgate nthawi yoweruka, akakwere sitima ya ku Virar, m'bogi ya amayi okhaokha.

Ine ndinali kumeneko pamaphunziro a kawerengedwe ka ndalama, ndipo mnzanga wa m'kalasi, mayi wa ana awiri amene amagwira ntchito pakampani ina ku Nariman Point, anandiitanira kwawo ku Virar. Kuchoka ku Churchgate kukafika ku Virar ndi makilomita pafupifupi 60, ola limodzi ndi theka sitima ikayenda bwino. Sitima za mumzindawu zimanyamula anthu oposa 7 miliyoni patsiku, choncho pokwera pamafunika zigongono. Iliyonse ili ndi mabogi a amayi, ndipo kuyambira 1992 kulinso sitima zathunthu za amayi okhaokha.

Tisanafike n'komwe pasiteshoni ya Dadar, mayi amene anakhala moyang'anana nafe anayala nyuzipepala pamiyendo, natulutsa therere lobala ndi kampeni. Khadi la kuntchito linali likadali pakhosi, chikwama cha laputopu atachipana ndi mawondo. Woyandikana naye ankathyola zitheba, foni ataitsamiritsa paphewa, akufunsa mwana kunyumba ngati walemba masamu. Ogulitsa ndolo ndi zomangira tsitsi ankadutsa mopanikizana, ndalama ikuyenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa mwini wake. Amayi ambiri amadziwana chifukwa amakwera bogi yomweyo nthawi yomweyo kwa zaka, amasungirana malo, amagawana maswiti mwana wa wina akakhoza mayeso. Pofika ku Borivali therere lonse linali litadulidwa, lili m'kabokosi, kungodikira moto.

Kunyumba tinapeza bambo atafika kale, akuonera kiriketi. Ndi munthu waulemu, anandilonjera bwino, ndipo amanyadira mkazi wake poyera. Koma sanadzuke pampando. Mnzangayo anangosintha zovala, kusamba m'manja, n'kuyamba kukanda ufa wa chapati. Ndiwo yake inali dal, nandolo wosenda wophikidwa mpaka kuphwanyika. Ndinawauza kuti mwina ndi wa ku Mulanje kapena Phalombe, poti nandolo wathu wambiri amagulitsidwa ku India komweko. Apongozi ake anaseka, nandiwonjezera chipande china.

Apongoziwo ndiwo mutu wa nkhani. Ku India mabanja ambiri ndi achitengwa, mkazi amakakhala ndi makolo a mwamuna. Ine ndinkayembekezera kumva madandaulo, koma mnzangayo anandiuza zina titakhala pakhonde usiku.

"Achemwali, pakanapanda amayiwa ine bwenzi ndili pakhomo. Mwana woyamba atabadwa ndinafuna kusiya ntchito, iwo anakana. Anati iwo anaphunzira mpaka kukoleji koma setifiketi yawo inathera m'sutikesi, ndiye ine ndipite, mwana atsala ndi iwo."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji osawasiyira kuphika, kapena kulemba wophika.

"Chapati cha mwana wawo chiyenera kuchoka m'manja mwanga. Pamenepo sitikambirana."

Ndiye amadzuka 5 koloko, kuphika cham'mawa ndi chamasana, kulongedza m'zitini za aliyense, n'kuthamangira sitima. Anapatsidwapo mwayi wokwezedwa, koma udindowo unali kutali, mumzinda wa Bengaluru. Banja silingasamuke chifukwa cha ntchito ya mkazi, anatero, ngakhale kuti malipiro ake amaposa a mwamuna wake. Analankhula mosakwiya, koma anabwereza kawiri.

Papepala zinthu zikuoneka bwino. Dzikoli linali ndi nduna yaikulu yachikazi, Indira Gandhi, kale mu 1966. Nirmala Sitharaman anakhala nduna ya zachuma mu 2019, Droupadi Murmu anakhala pulezidenti mu 2022. Lamulo la mu 2017 linakweza tchuthi cha uchembere kufika masabata 26 olipidwa, pomwe kwathu ndi masabata 8, ndipo linalamula kuti malo a ntchito okhala ndi antchito 50 kapena kuposerapo akhale ndi posungira ana. Koma ndalama ya tchuthicho amalipira ndi olemba ntchito, choncho mtsikana wongokwatiwa kumene akapita kukayesedwa ntchito amayang'anidwa ndi diso lina. Ndipo lamulo sililowa m'khitchini. Kafukufuku wa boma wa mu 2019 anapeza kuti akazi amathera mphindi 299 patsiku pantchito zapakhomo zosalipidwa, amuna mphindi 97.

Amene sindimuiwala ndi mayi wantchito, amene kumeneko amati bai. Analowa cha m'ma 7 koloko m'mawa, natsuka mbale, kukolopa, kuchapa, mosakhala pansi ngakhale kamodzi, chifukwa nyumba zina m'chinyumba chomwecho zinkamudikira. Khanda lake amalisiya ndi mwana wake wamkazi wamkulu, amene masiku ena amajomba kusukulu. Masabata 26 aja iye sawaona. Mnzanga akukwera makwerero, inde, koma makwererowo agwiridwa ndi apongozi, bai, ndi kamtsikana kojomba kusukulu. Mwamuna palibepo pamndandandawo, ndipo palibe amene amadabwa.

Papadi, kamkate kopyapyala kouma kamene tinadyera dal uja, nayenso ali ndi mbiri yake. Bungwe la Lijjat, lopanga papadi, linayambitsidwa mu 1959 ndi amayi asanu ndi awiri padenga la nyumba ina ku Girgaum, ndi ndalama yobwereka yokwana marupi 80. Lero lili ndi amayi oposa 40,000. Amakatenga ufa wokanda m'mawa, kukapama kunyumba, mawa lake n'kubweza papadi wouma. Linakula chotero chifukwa silinapemphe mayi aliyense kuchoka pakhomo. Ndimalilemekeza, komabe ndimaona kuti linazungulira vutolo m'malo molithetsa.

Za ku Bengaluru mnzangayo sanazitaye. Akuti adzafunsiranso wamng'ono akadzamaliza kalasi 10, ndipo pakali pano amawerengera mayeso ena pafoni masiku amene wapeza mpando m'sitima. Anandiululiranso kachinsinsi: Lamlungu apongozi akapita kukachisi, amaitana mwana wake wamwamuna kukhitchini n'kumupatsa mpini wopamira chapati. Zoyamba zinkatuluka zokhotakhota, mnyamatayo n'kumadya yekha msangamsanga agogo ake asanabwere. Pano akuti zayamba kuzungulira.