Kukaona anamgumi ku Hermanus pa galimoto yogonamo: tsegulani bokosi la chingwe musananyamuke

Anamgumi tinawaona, ndipo pa ulendo wonse chimenecho ndiye chinali chosavuta. Mutu unapweteka ndi ofesi yobwereketsa galimoto. Ndiye abale amene muli kuno ku Cape Town, ngati mukuganiza zobwereka galimoto yogonamo ija amati motorhome kuti mupite nayo ku Hermanus, tamverani.

Nyengo yake ndi kuyambira Juni mpaka Novembala, koma mu Seputembala ndi Okutobala ndi pamene amachuluka mu Walker Bay, chigawo cha nyanja chimene Hermanus ili m'mphepete mwake, atachokera kumadzi ozizira a kufupi ndi Antarctica kudzaswana. Malo oimikapo galimoto pakampu lembetsani msanga, makamaka kumapeto kwa Seputembala pamene tauniyi imachita chikondwerero cha anamgumi. Laisensi ya Code B imakwanira ngati galimotoyo siposa makilogalamu 3,500, koma kukoka kalavani yoposa makilogalamu 750 kumafuna laisensi ya Code EB.

Tsopano ofesi ija. Pafoni amalankhula mokoma, za chikole osatchulako. Mukafika m'pamene amati ndalama ya chikole aigwira pa credit card ya dzina la woyendetsa, khadi wamba yolandirira malipiro ayi. M'mawa wonse unathera pa kauntala pomwepo. Koma zimenezo ndi zazing'ono. Atationetsa galimoto mothamanga, mnyamata wa pa ofesiyo analoza bokosi n'kuti chingwe cha magetsi chili momwemo. Chinalimo ndithu, koma kumapeto kwake kunali pulagi ya m'nyumba. Mtengo wolumikizirapo magetsi pakampu yomwe tinafikira unali ndi soketi ya buluu yozungulira, ya mabowo atatu, ya makalavani. Ziwirizi sizilowana, kaya mukankhe bwanji. Ofesi ya pakampu inali itatseka, foni ya eni galimoto ikungolira. Tsiku lotsatira, nyanja ili bata, maboti akutuluka, ife tili m'masitolo a zipangizo kusaka kachingwe kolumikizira. Kachingwe kosakwana mita imodzi! Tsegulani bokosilo muli pa ofesi, muone mbali zonse ziwiri, ndipo akupatseni cholumikizira cha mitundu yonse iwiri chifukwa makampu amasiyana.

Mukalumikiza, funsani ma amp (muyeso wa magetsi) amene mtengowo umapereka. Ngati ndi 10, pa mavolti 230 muli ndi mawati 2,300 basi. Ketulo yokha imadya pafupifupi 2,000, ndiye mukayatsanso hita magetsi amathima, mutuluke mumdima kukakweza switch pamtengo. Madzi wiritsani pa gasi.

Ndadumpha za msewu. Ndi makilomita pafupifupi 120: N2 kukwera Sir Lowry's Pass, kenako R43 kuchokera ku Botrivier. Galimotoyi ndi yayitali ndipo mphepo imaikankha m'mbali pamwamba pa phirilo, gwirani chiwongolero ndi manja awiri. Msewu wa R44 wodzera ku Gordon's Bay, Betty's Bay ndi Kleinmond ndi wokongola koma wokhotakhota. Tsekani makabati onse, apo ayi mbale zidzathera pansi. Mukaima cha ku Rooi-Els tsekani mawindo, anyani a kumeneko amadziwa kumene chakudya chimakhala.

Pakampu imikani galimoto molingana, muike timatabwa pansi pa matayala a mbali yotsika. Firiji yoyendera gasi siziziritsa bwino ikapendekeka, ndipo madzi a mu sinki satsika. Chinsalu cha mthunzi cha m'mbali chipindeni nthawi iliyonse mukuchoka kapena kugona. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ya kuno imabwera ngati mwera wa pa nyanja ya kwathu, ndipo ikathyola mikono ya chinsalucho, ndalamayo ichoka pa chikole chanu.

Mphepo yomweyo ndi imene imaletsa maboti, n'chifukwa chake tsiku la kachingwe lija limandiwawabe: litatha, nyanja inakalipa. Boti lilembetseni m'mawa woyamba mukafika kuti mukhale ndi masiku ena osinthira, ndipo funsani ngati amabweza ndalama ulendo ukalephereka. Maboti amanyamukira padoko la New Harbour ndipo amakhala pamadzi pafupifupi maola awiri. Mankhwala a chizungulire imwani kutatsala ola limodzi kuti mukwere, osati mutayamba kale kumva mseru. Lamulo limaletsa kuyandikira namgumi kuposa mamita 300, kupatula maboti a chilolezo omwe amafika mamita 50.

Kunena zoona, boti si lofunikira kwenikweni. Kanjira ka Cliff Path kamatsata matanthwe a m'mphepete mwa nyanja makilomita pafupifupi 12, kuchokera ku New Harbour kulowera ku Grotto Beach, ndipo salipiritsa. Pa Gearing's Point, pamwamba pa Old Harbour, madzi ndi akuya mpaka m'mphepete, choncho namgumi wamkazi ndi mwana wake amafika pafupi mpaka kumamva kupuma kwawo. Musamafune chipsepse chapamsana, anamgumi a kumeneko, a mtundu wa southern right, alibe. Yang'anani nthunzi yotuluka mbali ziwiri ngati chilembo cha V, ndi zigamba zoyera zokhakhala pamutu. Mukamva lipenga, ndi munthu amene ntchito yake ndi kulengeza kumene aoneka; amaliza lipenga lopangidwa ndi udzu wa m'nyanja, ndipo ntchito imeneyi inayamba m'tauniyi mu 1992. Vuto ndi poimika: galimoto yayikulu chonchi pakati pa tauni masana malo simungapeze, fikani m'mamawa.

Pobweza, thanki ya chimbudzi mukhuthule pamalo ake apadera pakampu ndi kuitsuka, madzi a mu sinki mutulutse, mafuta mudzaze, chifukwa chilichonse mwa izi chili ndi chindapusa chake. Jambulani galimoto mbali zonse, denga lomwe, potenga ndi pobweza. Chikole sichimasuka tsiku lomwelo, musachiwerengere pa lendi ya mwezi umenewo. Ndipo chingwe chija, mbali zonse ziwiri, musanasaine kalikonse.