Khoswe Wonunkhira Mbewa

Popeza mlamu wanga wayamba kale kuuza aliyense amene wakumana naye kuti anandipeza ndikukonza tsitsi la khoswe wakufa, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanakule mpaka kufika ponena kuti ndinali kumuluka. Khosweyo ndinali kumutenthetsa mutu ndi makina oumitsira tsitsi, ndipo ntchitoyi ili ndi zifukwa zake zomveka, ngakhale kuti munthu amene waima pakhomo sangazione msanga.

Njoka yanga, ya mtundu wa corn snake, yadya mbewa moyo wake wonse. Inayamba ndi tiana ta mbewa tosamera ubweya, tolemera magalamu 2 kapena 3, ndipo pamene inapitirira mita imodzi kutalika inali itafika pa mbewa yaikulu ya magalamu pafupifupi 30, imodzi pa masiku 10 mpaka 14 alionse. Vuto linali lakuti ikameza mbewayo inkapitiriza kuzungulira m'bokosi lake lagalasi, lilime lili lawilawi, ndipo ine, munthu wamtima wachifundo, ndinkaona kuti mwana wanga sakukhuta. Anthu oweta njoka amatsutsana kwambiri pa nkhani imeneyi. Ena amati khoswe ndiye wabwino chifukwa amakula kuposa mbewa, moti khoswe mmodzi wongosiya kumene kuyamwa, wa magalamu pafupifupi 40, amagwira ntchito imene mbewa ziwiri zazing'ono zikanagwira. Ena amakana, amati khoswe wa msinkhu umenewo akadali khanda, mafuta ndi ambiri ndipo mafupa sanakhwime, pamene mbewa yaikulu ili ndi mafupa olimba okhala ndi kashiamu wokwanira. Amawonjezanso kuti njoka za mtunduwu zimanenepa msanga, ndipo zambiri zimakalamba mpaka zaka 20 zisanalaweko khoswe n'kamodzi komwe. Ndinamvetsera mbali zonse ziwiri mofatsa, kenako ndinagula thumba lathunthu la makoswe ouma ndi chisanu, chifukwa munthu wotsimikiza mtima sagula mmodzi.

Ndinatsatira malamulo onse, ndipo ndikufuna kuti zimenezi zidziwike. Sindinapereke khoswe wamoyo, chifukwa khoswe wamoyo amaluma ndipo akhoza kuvulaza njoka koopsa. Ndinayeza kuti kunenepa kwake kusapose kamodzi ndi theka kunenepa kwa njokayo pamene thupi lake lili lalikulu kwambiri. Ndinamusungunula mufiriji usiku wonse, m'mawa n'kumuviika m'madzi ofunda ali m'kathumba kapulasitiki, ndipo microwave sindinayandikireko, popeza imapsereza mbali imodzi n'kusiya mbali ina ili gwa, mwinanso kuphulitsa mimba. Nditamufikitsa m'bokosi ndi chopanira chachitali, njokayo inatulutsa mutu, inamulawa ndi lilime, ndipo inabwerera m'phanga lake mwaulemu waukulu. Njoka imanunkhiza ndi lilime: limatola fungo mumpweya n'kulipititsa ku kachiwalo kali kumwamba kwa kamwa, ndipo kachiwalo ka njoka yanga kanali katagamula kalekale kuti chakudya ndi chinthu chonunkhira mbewa basi.

Nzeru ya akatswiri pa vuto lotere ndi yosavuta. Umasungunula mbewa ndi khoswe pamodzi, kenako n'kupaka mbewayo pa khosweyo kuti fungo lisamuke. Tsiku lodyetsa lotsatira litakwana ndinachita zomwezo, ndipo ndinazichita ndi mtima wonse. Ndinapaka kumutu, ndinapaka kumsana, ndinapaka ngakhale kuseri kwa makutu, mbewa ili m'dzanja lamanja, khoswe ali patebulo. Kenako ndinatenga makina oumitsira tsitsi amene anali pafupi kuti nditenthetse mutu wa khosweyo, popeza nyama yofunda imatulutsa fungo kwambiri. Palibe aliyense mwa akatswiri aja amene ananena motsindika kuti fungo la mbewa silisankha pokakamira.

Ndinatsegula bokosi ndi dzanja lamanja, chopanira chili kumanzere, ndipo ndinayamba kumuvinitsa khosweyo pang'onopang'ono kuti aoneke ngati wamoyo. Njokayo inatuluka ndi changu chimene ndinali ndisanachionepo, ndipo mtima wanga unadzaza ndi kunyada. Inafika pa khosweyo, inamudutsa osamuyang'ana n'komwe, inakwera m'mphepete mwa galasi, ndipo inagwira chala changa chachikulu.

Pano ndiyenera kuchedwapo pang'ono, chifukwa mlamu wanga gawo ili sanalione. Njoka ya mtunduwu ilibe ululu, imapha nyama poikulunga ndi kuifinya, choncho m'kanthawi kochepa inali itazunguliza thupi lake pamkono panga n'kuyamba kufinya ndi khama lonse, kudikira kuti chalacho chisiye kupuma. Chalacho sichinali kupuma kuyambira pachiyambi, ndipo zimenezi zinaisangalatsa kwambiri. Inamasula pang'ono, inafufuza kumene kuli mutu wa nyamayo, inapeza chikhadabo, ndipo inayamba kumeza. Nsagwada za njoka sizinalumikizane kutsogolo ndi fupa, mbali iliyonse imayenda payokha, moti ndinaonerera ndi maso anga mbali yamanzere ikusuntha, kenako yamanja, kenako yamanzere, chala changa chikulowa mwakachetechete. Mano ake ndi aang'ono koma opindikira m'kati, ndipo ukakoka umang'amba khungu lako kapena kuthyola mano a njokayo, choncho sindinakoke. Ndinangoima. Njoka ilibe zikope, choncho nthawi yonseyi inali kundiyang'ana osaphethira, ndipo m'maso mwake munali kuthokoza kwa cholengedwa chimene chapatsidwa mbewa yaikulu koposa zonse padziko lapansi, mbewa yokhala ndi mkono, phewa ndi malaya. Ndikukhulupirira kuti ikanapatsidwa mpata ikanafika pachigongono madzulo.

Ndinaganiza mofulumira kuti ndikaipatsa nyama ina yofunda bwino mwina isintha maganizo, koma khoswe uja anali atazizira. Ndinamugoneka patebulo, ndinatola makina aja ndi dzanja lamanzere, ndipo ndinayamba kumupemerera mphepo yotentha, ubweya wake ukuuluka mbali ndi mbali. Apa m'pamene chitseko chinatseguka.

Mlamu wanga anayang'ana njokayo, anayang'ana khosweyo, kenako anayang'ana ine kwa nthawi yaitali. "Alamu, muli bwanji?" anafunsa motsitsa mawu. Ndinayankha kuti ndili bwino, kaya iwo, chifukwa ulemu sutha ngakhale munthu akudyedwa. Ndinayembekezera kuti akuwa, kapena afunsa ngati ndikufuna thandizo, koma iye anasendera pafupi, analoza dzanja langa lamanzere, nati, "Kodi makinawo si a achemwali anga?" Anatulutsa foni ndipo anatuluka panja kukaimba, ine ndili chiimire.

Njokayo inandisiya nditaidonthezera madzi ozizira pamutu. Inabweza nsagwada zake pang'onopang'ono, inayasamula kuti iziwongole, ndipo inandiyang'ana ngati mwana amene wamulanda chakudya chili kale m'kamwa. Pachala panali timadontho ta magazi tosaoneka bwino, timene ndinatsuka ndi sopo, ngakhale kuti m'nkhani ya mlamu wanga ndamva kuti ndinatsala pang'ono kudulidwa dzanja. Mbewa ija ndinkapakira, imene inali itathothoka ubweya mbali imodzi chifukwa cha ntchito, ndinaiika m'bokosi ndi chopanira, ndipo inamezedwa nthawi yomweyo popanda gule aliyense. Khoswe wokonzedwa tsitsi uja ndinamutaya, popeza nyama yosungunuka ndi kutenthetsedwa kawiri siibwezedwanso mufiriza.

Kwa amene mukuseka, dziwani kuti njira yopaka fungo inagwira ntchito ndendende monga analonjezera akatswiri, kungoti fungo lambiri linapita kwa amene anagwira mbewayo nthawi yaitali. Dziwaninso kuti njoka yanga inasankha mwanzeru, chifukwa pambuyo pake ndinayeza chala changa ndi thupi lake ndipo chinali mkati mwa lamulo la kamodzi ndi theka. Ndinaiikanso pasikelo, ndipo zinaoneka kuti sinali ndi njala konse. Msana wake unali utayamba kale kubulungira, ndipo kuzungulira kuja m'bokosi ndi khalidwe chabe la njoka imene imadya chilichonse chikapezeka.

Makoswe otsala akadali mufiriza, m'thumba limene mkazi wanga analembapo dzina langa ndi zilembo zazikulu mbali zonse ziwiri, ndipo analikulunga m'thumba lina limene analembaponso. Ngati pali wina amene amaweta njoka yaikulu, monga ball python kapena boa, zimene zimadya makoswe mosavuta, andidziwitse. Ndi makoswe abwino ndithu, sanagwiritsidwepo ntchito.